Mbale ya futari ipite kwa neba yopanda mbedza

Chiyambire pomwe chikwangwani cha bungwe la Islamic Information Bureau chinautsa mapiri pachigwa mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2020, Asilamu a m'dziko muno sitinaleke kukangana za njira yoyenera yofalitsira chipembedzo chathu. Chikwangwanicho, chomwe chinaima m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere, chinkauza odutsa kuti ngati anawerenga Chipangano Chakale ndi Chatsopano awerengenso Qur'an monga chipangano chomaliza. A Evangelical Association of Malawi anati mawuwo ndi oputa dala, ndipo sipanapite nthawi chikwangwanicho chinachotsedwa. Izi zinachitika bala la ku M'manga, ku Balaka, lisanapole, komwe mu Novembala 2019 mkangano wa hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglican unafika pogendana ndi kuwononga nyumba zopemphereramo. Nkhani ya hijabu inadzakhazikika mu 2021, a Public Affairs Committee atakhazika pansi mbali zonse n'kusainitsa mgwirizano, koma funso lenileni linatsala lili chiimire: kodi uthenga wa Chisilamu uzifika bwanji kwa amene si Msilamu, ndipo woyenera kuunyamula ndani? Pa mitsutso ya pa wailesi ndi pa Facebook, oyankha funsoli amakhala amuna okhaokha, ngakhale pamene nsalu yomwe akukanganirayo ili pamutu pa mtsikana.

Mbali yanga ndiineneretu. Dawah, ntchito yoitanira anthu ku Chisilamu, yomwe ingapite patali m'Malawi muno ndi ya amayi, ndipo njira yake ndi chinansi: kusamalira woyandikana naye nyumba, kaya ndi Msilamu, kaya ndi wa CCAP, kaya ndi wa kudambwe, popanda kumulipiritsa shahada, mawu olowera Chisilamu, pa chisamalirocho. Mayi wachisilamu atuluke, athandize, ndipo akafunsidwa za chikhulupiriro chake ayankhe momveka ndi mopanda manyazi. Koma mbale ya chakudya yopita kwa neba isakhale nyambo yobisa mbedza. Chifukwa choyamba chili m'kalembera. Wa 2018 anapeza kuti Asilamu tilipo pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse. Kupatula ku Mangochi ndi ku Machinga komwe tilipo ochuluka, nyumba ya Msilamu ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi imakhala pakati pa nyumba za anthu a mipingo, kawirikawiri pa poloti imodzi, mpopi umodzi, bafa limodzi ndi chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Bambo amalawirira ku geni kapena ku ntchito n'kubwera kutada. Amene amakumana ndi anebawo tsiku ndi tsiku pa mjigo, ku chigayo, ku sikelo ya ana ndi pa maliro ndi mayi. Mkhristu wamba sadzalowa mu mzikiti kukamva khutuba ya Lachisanu, ndipo chikwangwani amangochiona kwa kamphindi ali pa windo la minibasi. Chisilamu chomwe iye amachidziwa ndi cha mayi wa khomo lachiwiri uja, amene anamugawira mchere kapena anamumana.

Chifukwa chachiwiri n'choti ntchitoyi tinapatsidwa ndi Mtumiki Muhammad mwini wake, mtendere ukhale pa iye, ndipo anatitchula ife amayi. M'hadith (zonena za Mtumiki) yodziwika bwino anaitana akazi achisilamu n'kuwauza kuti mkazi asanyozere mphatso yopatsa neba wake, ngakhale chitakhala chiboda cha nkhosa. Kwa Abu Dharr, mmodzi mwa omutsatira, anati ukaphika msuzi uchulukitse madzi kuti ukumbukire oyandikana nawo. Ananenanso kuti mngelo Jibril anapitiriza kumulangiza za neba mpaka iye anaganiza kuti neba adzapatsidwa gawo pa chuma cha masiye. Palibe mwa malangizo amenewa pomwe anati tiyambe tafunsa komwe nebayo amapemphera.

Otsutsa oyamba ndi a m'nyumba mwathu momwe. Alipo mashehe ndi abambo amene amati malo a mkazi ndi pakhomo, dawah ndi ntchito ya amuna ophunzira, ndipo mkazi woyendayenda m'makomo mwa eni amaitana mayesero ndi miseche. Amawerenga ndime 33 ya Surah Al-Ahzab m'Qur'an, yomwe imauza akazi a Mtumiki kuti akhazikike m'nyumba zawo, n'kunena kuti langizoli likukhudza akazi onse okhulupirira. Nkhawa yawo si yopeka ayi. Tonse tikuwadziwa maulendo omwe amayamba ngati kukazonda wodwala n'kuthera podya anthu miseche. Komabe, tiyeni tione momwe eni ake ouzidwawo anaimvera ndimeyi. Mayi Aisha, mmodzi mwa iwo, anasimba mahadith oposa 2,000, ndipo amuna akuluakulu mwa maswahaba, Asilamu amene anakhala ndi Mtumiki, ankabwera kudzamufunsa za malamulo a chipembedzo. Mayi Rufaida anali ndi tenti pa mzikiti wa ku Madina momwe ankasamalira ovulala, ndipo Sa'd ibn Mu'adh atalasidwa pa nkhondo ya Khandaq Mtumiki analamula kuti akagonekedwe m'menemo. Azakhali ake a Jabir, mmodzi mwa maswahaba, ali mu edda, nthawi yodikira ya mkazi amene ukwati wake watha, anadzudzulidwa ndi bambo wina chifukwa chofuna kukakolola tende wawo. Mtumiki anawauza kuti apite akakolole, mwina aperekapo sadaka kapena kuchita chabwino china. Ndime 71 ya Surah At-Tawbah imaika amuna ndi akazi okhulupirira pa udindo umodzi wolamula zabwino ndi kuletsa zoipa. Ngakhale ku Africa kuno, m'zaka za m'ma 1800, Nana Asma'u, mwana wa Usman dan Fodio ku Sokoto, anaphunzitsa amayi achikulire amene ankayenda m'midzi kukaphunzitsa anzawo. Kuwonjezera apo, pali chinthu chomwe abambo otsutsawa sachitchula. Bambo yemweyo amene amati mkazi asatuluke salankhula kanthu mkaziyo akalawirira ku msika ndi lichero la usipa kapena beseni la mandasi. Ngati kutuluka kokasaka ya ndiwo n'kololedwa, kutuluka kokatunga madzi pa nyumba ya mayi wodwala kwalakwa pati? Ndiponso alipo malo omwe shehe, ngakhale atadziwa Chiarabu chotani, sangapondeko: m'chikuta mwa mayi amene wangochira kumene, mu wodi ya amayi usiku, m'chipinda momwe akusambitsa mtembo wa mkazi. Tikawatsekera amayi pakhomo, kumalo amenewa sikudzapita Msilamu aliyense.

Otsutsa achiwiri amati tiyambe ndi athu. Amaloza amayi a m'mbali mwa nyanja amene amuna awo anapita ku Joni n'kutchona, ana a madrasa opanda sopo, agogo olera adzukulu amasiye, n'kufunsa kuti ufa wochepa womwe tili nawowu tiuperekerenji kwa anthu amene ali ndi mipingo yawo yowathandiza. Pa nkhani ya zakaat ali ndi mfundo, pakuti akatswiri ambiri a malamulo a Chisilamu amati gawo la osauka mu zakaat ndi la Asilamu. Koma zakaat ndi chopereka chokhala ndi malire ake, chochokera kwa amene chuma chake chafika pa mlingo woikika, ndipo amayi ambiri amene ndikuwanena pano sanafikepo pa mlingowo. Chomwe ali nacho ndi sadaka ndi ufulu wa neba, ndipo ziwirizi zilibe mpanda wa chipembedzo. Ndime 36 ya Surah An-Nisa imatchula neba wapafupi ndi neba wakutali m'mzere umodzi ndi makolo, achibale ndi ana amasiye. Mayi Aisha atafunsa kuti mwa aneba awiri ayambe kupatsa uti, yankho linali lakuti amene khomo lake lili pafupi kwambiri. Abdullah ibn Amr, pa nyumba pake atazinga nkhosa, anafunsa mobwerezabwereza ngati neba wawo Myuda wapatsidwako. Ndiye ngati khomo lapafupi ndi la mayi wa Mvano, funso layankhidwa kale. Tikasiya malemba n'kubwera pa moyo wa tsiku ndi tsiku, kusankha kumeneku sikuthekanso n'komwe. Kolera yomwe inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 inkayenda ndi madzi omwe tonse timamwa. Mayi amene anaphunzitsa Asilamu okha kuthira mankhwala m'ndowa n'kusiya nyumba ya pakati sanateteze ngakhale ana ake omwe, chifukwa ana amasewera limodzi n'kumwera kapu imodzi. Matope a namondwe Freddy atatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, opulumuka anagona m'makalasi amodzimodzi, ndipo wogawa zitenje akadayamba kufunsa mayina kuti amve ngati ndi Amina kapena Agnes, akadachita manyazi ndi mawu ake omwe.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera kwambiri, ndipo imachokera kwa anthu okonda chipembedzo ndi mtima wonse. Iwo amati kuthandiza munthu osamuitanira ku Chisilamu ndi ntchito ya mabungwe a chitukuko, osati dawah; kuti kumupatsa nsima ya lero n'kumusiya osamuuza za tsiku lachiweruzo ndi chifundo choperewera; kuti Qur'an yomwe, pa ndime 60 ya Surah At-Tawbah, inaika gawo la zakaat la anthu okokedwa mitima kuti ayandikire Chisilamu; komanso kuti a zipembedzo zina amagawa chimanga ndi uthenga wawo pamodzi, nanga ife tigonerenji? Ndikumvetsa kutentha mtima kwawo, koma ndikuwakana pa zifukwa zitatu. Choyamba, Qur'an inatseka njira imeneyi ndi mawu omveka. Mu Surah Al-Insan anthu abwino akufotokozedwa kuti amadyetsa wosauka, wamasiye ndi wogwidwa pa nkhondo, uku akunena kuti tikukudyetsani chifukwa cha Allah yekha, sitikufuna kwa inu malipiro ngakhale kuthokoza. Ndipo ogwidwa pa nkhondo nthawi imeneyo sanali Asilamu. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, kutanthauza kuti chomwe wapereka chidzabwera mawa, koma ndimeyi ikupitirira pamenepo, ikutichotsera ngakhale chiyembekezo cha zikomo. Tsono ngati zikomo yemwe sitiyenera kumudikira, shahada tingaidikire bwanji ngati malipiro? Ndime 272 ya Surah Al-Baqarah imauza Mtumiki kuti kuongoka kwa anthu sikuli m'manja mwake, ndipo omasulira amati inatsika pamene Asilamu ena ankazengereza kuthandiza abale awo osakhulupirira, poganiza kuti umphawi uwakankhira ku Chisilamu. Asma, mwana wa Abu Bakr, atafunsa ngati angathandize mayi ake omwe anali asanalowe Chisilamu, anauzidwa kuti inde, awachitire zabwino, ndipo sanauzidwe kuti adikire kaye mayiwo alowe Chisilamu.

Chachiwiri, okokedwa mitima aja tiwamvetse bwino. Amene Mtumiki anawapatsa ngamila zambirimbiri itatha nkhondo ya Hunayn anali akuluakulu a mafuko ngati Abu Sufyan ndi Safwan ibn Umayya, anthu okhuta ndi amphamvu amene akadatha kukana, ndipo wopereka anali mtsogoleri wa dziko pofuna kuthetsa udani. Umar, yemwe anadzakhala mtsogoleri wa Asilamu, pambuyo pake anaimitsa kupereka kotereku ataona kuti chifukwa chake chatha. Kufanizira zimenezo ndi mayi wamasiye wa ku Mbayani amene ana ake agona ndi njala usiku wachiwiri n'kusokoneza zinthu. Mayi wotereyu alibe mphamvu yokana. Adzabwereza mawu alionse omwe mungamuuze, adzafunda mpango womwe mwamupatsa, ndipo thumba la ufa likatha adzabwerera ku kwaya Lamulungu, mtima uli ndi chidani chobisika pa inu amene munamuchititsa manyazi. Kukakamiza komwe ndime 256 ya Surah Al-Baqarah imaletsa sikuchitika ndi lupanga lokha. Njala nayo imakakamiza. Chachitatu, ife Asilamu a ku Malawi tiyenera kukhala omalizira kuchita zimenezi, popeza tikudziwa kuwawa kwake. Mu nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo athu ochuluka, makamaka kwa Ayao, anakaniza ana awo kupitako poopa kuti akabatizidwa n'kusinthidwa mayina. Zotsatira zake tikuzionabe m'maboma a Mangochi ndi Machinga, komwe maphunziro anatsalira kwa zaka zambiri. Agogo athu analolera kusadziwa kulemba dzina lawo kusiyana n'kugula maphunziro ndi chikhulupiriro. Ngati zinali zoipa pochitikira ife, sizingayere lero chifukwa choti ogawa ndife.

Apa wina afunsa kuti, ndiye mayi wachisilamu azingophika n'kukhala chete? Ayi ndithu. Amene anagonerapo wodwala pa chipatala chachikulu cha boma akudziwa momwe kumakhalira kumalo ophikira aja. Mafuwa amaima mizeremizere, utsi uli tolo, aliyense ali ndi kathumba ka ufa komwe anachoka nako kumudzi atawerengera masiku atatu, koma wodwala watha milungu iwiri. Pamakhala mayi mmodzi amene lero sanasonkhe moto, wangokhala pa chitenje kuyang'ana miphika ya anzake, n'kumanamizira kuti wadya kale. Amene amamuona msanga ndi wa pa mafuwa oyandikana. Amawonjezera madzi mu mphika, nsima n'kukwanira anayi m'malo mwa awiri, n'kumuuza kuti amayi, tengani iyi mukapatse odwala anu isanazizire. Ikakhala Ramadhan, mayi wophikayo mwini wake sakudya, ndipo funso limabwera lokha: inu bwanji mwaphika koma simukulawa? Mawa lake likubwera lina: n'chifukwa chiyani mumathamangira kuika maliro tsiku lomwelo? Kenako lija lalikulu, lofunsidwa motsitsa mawu: kodi Yesu mumamudziwa? Imeneyi ndiyo nthawi ya dawah, ndipo waitsegula ndi wofunsayo. Mayi amene angathe kufotokoza kuti Qur'an ili ndi surah yathunthu yotchedwa ndi dzina la Maryam, kuti iye ndi mkazi yekhayo wotchulidwa dzina m'buku lonselo, kuti Isa, yemwe ndi Yesu, timamulemekeza monga mtumiki wobadwa mwa namwali ngakhale sitimutcha mwana wa Mulungu, wachita zomwe chimkuzamawu cha pa msika sichingathe. Wanena pomwe tikugwirizana ndi pomwe tikusiyana, osabisa ndiponso osanyoza, monga ndime 125 ya Surah An-Nahl imafunira ponena za nzeru ndi ulaliki wabwino.

Koma izi zikutiika pa ngongole ina. Amayi ambiri tinalekezera madrasa pa kuloweza masurah aafupi, ndipo tikafunsidwa chifukwa cha chinthu timangoti ndi lamulo lathu, kapena choipirapo, timapeka yankho. Choncho amene akufuna kuti amayi azichita dawah ayambe watsegula makalasi a amayi akuluakulu pa mizikiti, pa nthawi yomwe mayi angathe kubwera, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo aphunzitsi akhale amayi anzawo pomwe zingatheke. Radio Islam yathandiza kufikitsa maphunziro m'makhitchini, koma wailesi siyankha funso lomwe neba wakufunsa dzulo. Ndipo mayi adziwenso kuti kunena kuti ichi sindikuchidziwa, ndikafunsa, ndi yankho lolemekezeka kuposa bodza lokometsera chipembedzo.

Tsopano timve a mbali inayo. Akhristu ena amaona gulu la amayi a dawah litavala yunifomu likulowa m'mudzi ndi sopo ndi shuga, n'kunena kuti awa akufuna ana athu. Sindiwadzudzula, chifukwa kukayikira kumeneku tinakuphunzira tonse ku zomwe zakhala zikuchitika mbali zonse ziwiri, ndipo palibe mawu omwe angakuchotse. Chingakuchotse ndi nthawi, ndi mayeso awiri osavuta. Oyamba ndi akuti neba akanena poyera kuti ine ndine wa Katolika ndipo ndidzafa wa Katolika, kodi mbale ya futari ipitirira kubwera Ramadhan yotsatira? Ngati yaleka, ndiye kuti wokayikira uja ankanena zoona. Achiwiri ndi akuti kodi mayi wachisilamu amalandira? Ambiri timakonda kukhala opereka okhaokha, mbale yathu ikabwerera ili ndi mbatata kapena chigumu timaiyang'ana ndi diso la mantha. Chinansi chomwe mmodzi amangopereka, winayo n'kumangolandira, ndi ubwana. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika ndi a Mothers' Union akhala akuzonda odwala ndi kugonera maliro kwa zaka zambirimbiri, ndipo akabwera pa siwa yathu ndi nkhuni pamutu tiyenera kuwayalira mphasa, osati kunong'onezana kuti akufuna chiyani. Dziko lino lili kale ndi mwambo wabwino womwe sitiuyamikira mokwanira: pa maliro ndi pa maukwati ambiri a Akhristu, mbuzi kapena nkhuku amaitanira Msilamu kuti azinge, n'cholinga choti aliyense adye momasuka. Anzathuwo anatiganizira kale pa mphika wawo, popanda lamulo la boma lowakakamiza.

Otsutsa omaliza amaopa kuti kusakanikirana kotereku kudzasungunula chikhulupiriro cha amayi athu, kuti amene wagonera maliro a mpingo lero adzayimba nawo nyimbo mawa. Yankho lake ndi malire omveka, onenedwa kamodzi ndi mwaulemu. Mtumiki anaimirira maliro a Myuda akudutsa, ndipo atauzidwa kuti ndi Myuda anafunsa ngati sunali mzimu wa munthu. Mayi wachisilamu angathe kutunga madzi, kusonkha moto, kupereka chipepeso ndi kukhala pambali pa mnzake wofedwa usiku wonse, n'kupatuka mwakachetechete nthawi ya mwambo wa mapemphero omwe si ake. Angathe kunena kuti mphika uwo sindigwira nawo, ndipatseni wa nyemba. Anthu a kuno sakhumudwa ndi munthu wa malire. Amakhumudwa ndi amene sanabwere n'komwe. Ndipo kunena zoona, pa maliro penipeni anthu amachuluka kale. Nthawi yomwe neba amafunikadi ndi sabata yotsatira, achibale atakwera mabasi, matenti atachotsedwa, mayi wamasiye atatsala ndi miphika yobwereka yoti abweze ndi ana omwe akufunsa za fizi. Kumeneko kulibe kwaya yoti wina aope.

Nditawayankha otsutsa, ndiyenera kutembenukira kwa ife eni, chifukwa choopsa chachikulu pa dawah ya amayi sichichokera kwa mashehe kapena kwa abusa. Magulu athu a dawah akula, Ijtimah, msonkhano waukulu wa amayi, imasonkhanitsa khwimbi la anthu, ndipo zimenezi n'zonyaditsa. Koma kangati pomwe ulendo wokaona odwala umasanduka chionetsero, aliyense atagwira kapaketi ka shuga mbali imodzi, wodwala atadzutsidwa kuti ayang'ane foni, chithunzi n'kufika pa WhatsApp gulu lisanatuluke pa geti? Ndime 264 ya Surah Al-Baqarah imachenjeza kuti sadaka imawonongeka ndi kukumba ndi kupweteka wolandira, ndipo chithunzi cha munthu ali pa mphasa ya matenda chimachita zonse ziwiri. Kangatinso pomwe mayi wotsogolera nyimbo pa Ijtimah ndi yemweyo amene pa poloti salankhulana ndi aliyense chifukwa cha mkangano wa bilu ya madzi? Mtumiki anauzidwa za mkazi wina wochulukitsa swala, kusala ndi sadaka, koma wozunza aneba ndi lilime lake, ndipo anati ameneyo ndi wa ku moto. Za wina wochita zochepa koma wosavutitsa aneba anati ndi wa ku Jannah. Hadith imeneyi ndi yofunika kuwerengedwa pa msonkhano uliwonse wa amayi tisanayambe kukambirana za mtundu wa nsalu ya chaka chino. Madzi otsukira nsomba othiridwa pa khomo la neba amafafaniza ulaliki wa chaka chathunthu.

Chotsala ndi nkhani ya ndalama ndi mphamvu, yomwe abambo okonda kuyamikira amayi pa khutuba amaidumpha. N'zoona kuti amayi atopa kale: munda, geni, ana, odwala a m'nyumba, ndipo si chilungamo kuwasenzetsa chipembedzo chonse pamutu n'kumawaombera m'manja. Zambiri zomwe ndatchulazi sizifuna ndalama, koma zina zimafuna. Wodwala wofunika kupita naye ku chipatala usiku amafuna ya kabaza, ndipo mwana wothamangitsidwa ku sukulu amafuna yunifomu. Amayi ena amathawira ku banki m'khonde, komwe chiwongola dzanja chimawaika pa mlandu wa riba, phindu la pa ngongole lomwe Chisilamu chimaletsa. Chipereganyu, chomwe aliyense amalandira ndendende zomwe anasonkha, chilibe vuto limeneli, ndipo gulu lingathe kupatula kathumba ka ngongole yopanda chiwongola dzanja komwe neba aliyense angabwereke. Koma thumba lalikulu lili ku komiti ya mzikiti, ndipo m'makomiti ambiri mulibe mkazi ngakhale mmodzi. Chopereka cha Lachisanu chimathera pa simenti, utoto ndi chimkuzamawu chatsopano, pamene amene akudziwa nyumba yomwe sinafuke utsi dzulo ali kuseri kwa chotchinga, osafunsidwa. Zimaonekera bwino pa Eid ul-Adha, nyama ya nsembe ya Qurbani ikafika. Mndandanda wa olandira umalembedwa ndi abambo amene amadziwa okhawo omwe amaswali nawo, n'chifukwa chake nyama imazungulira m'mabanja omwewo chaka ndi chaka, agogo a kuseri kwa mzikiti amene sapemphera nafe n'kumangomva fungo. Mndandanda umenewo ulembedwe ndi amayi, makomiti awapatse mpando ndi gawo lodziwika la chopereka mwezi uliwonse, ndipo pa pepalalo pasakhale danga lolembapo chipembedzo cha wolandira.